Kodi mumadziwa chifukwa chake oyenda m'nkhalango za ku America amavala zaolenji?

Amene amayenda wapansi m'njira ya Appalachian Trail mu Okutobala ndi Novembala amalangizidwa kuvala chipewa kapena jekete la mtundu wa olenji wowala kwambiri kuti alenje asawaombere.

Njirayi ndi yotalika makilomita pafupifupi 3,500 ndipo imadutsa zigawo 14, kuyambira ku Georgia mpaka ku Maine. Miyezi imeneyi masamba amayoyoka, kuzizira kumayamba, ndipo ndi nyengo yomwe boma limalola anthu kusaka agwape ndi mfuti m'nkhalango zambiri zimene njirayi imadutsa.

Munthu wovala zakhaki atabereka chikwama, akamasuntha kuseri kwa zitsamba m'bandakucha, mlenje wopupuluma akhoza kumuyesa nyama. Nsalu yaolenji imaonekera patali. Ena amakuta nayo chikwama chomwe, poti chimabisa msana wonse, ndipo galu akakhalapo naye amamuveka yake.

Chodabwitsa n'chakuti alenjewo amavalanso mtundu womwewu koma nyama siziwathawa chifukwa cha zimenezo. Maso a gwape sasiyanitsa bwino zofiira ndi zaolenji, kotero kwa iye jeketelo silisiyana kwenikweni ndi masamba ouma.

Choopsa ndi chovala choyera. Gwape wa kumeneko akadzidzimuka amaimika mchira, kunsi kwake kuli mbee! Kampango koyera kolendewera pachikwama kamaoneka chimodzimodzi, ndiye ndi bwino kukalonga m'kati.