Madzi Amatsata Mchere

Mayi akaduladula kabichi kapena matimati ndi kuthirako mchere, pakapita kanthaŵi pansi pa mbale pamaoneka madzi. Mayiyo sanathiremo madzi, ndiponso mchere umene anathira unali wouma. Nanga madziwo achokera kuti? Yankho la funso limeneli ndi lofunika kwa mlimi, kwa msodzi, ndiponso kwa munthu amene akusamala wodwala.

Chamoyo chilichonse, kaya ndi mtengo, nsomba kapena munthu, chinapangidwa ndi tizigawo ting'onoting'ono totchedwa maselo. Monga momwe njerwa zambiri zimapangira nyumba, maselo ambirimbiri ndiwo amapanga thupi. Maselo ndi aang'ono kwambiri kotero kuti ochuluka a iwo saoneka ndi maso paokha. Amaoneka ndi makina okulitsa zinthu otchedwa maikulosikopu. M'chaka cha 1665, Robert Hooke wa ku England anasindikiza buku lofotokoza zimene anaona ndi makina otere. Iye anacheka khungwa la mtengo mopyapyala, ndipo ataliyang'ana anaona timabowo tambirimbiri tonga tizipinda. Dzina loti selo linachokera pamenepo, pakuti limatanthauza kachipinda.

Selo lililonse lili ndi madzi m'kati mwake, ndipo ndi lokutidwa ndi kachikopa kopyapyala kotchedwa nembanemba. Munthu akasenda dzira loŵiritsa amapeza kachikopa koyera pansi pa chigoba. Nembanemba ya selo ili ngati kachikopa kameneka, koma ndi yopyapyala koposa. Ntchito yake ikufanana ndi ya sefa. Sefa imalola ufa kudutsa koma imatsekereza misere. Momwemonso nembanemba imalola madzi ndi mpweya kudutsa mosavuta, pamene mchere ndi shuga sizidutsa mwachisawawa. Chakudya chilichonse choloŵa m'selo, ndi chonyansa chilichonse chotulukamo, chiyenera kudzera pa nembanemba imeneyi.

Njira yoyamba imene zinthu zimadutsira ndiyo kufalikira, kumene pa Chingerezi amati diffusion. Dontho la inki likagwera m'tambula ya madzi odikha, poyamba limakhala pamalo amodzi. Pang'ono ndi pang'ono inkiyo imamwazikana, ndipo pakapita nthaŵi madzi onse amasintha mtundu ngakhale palibe amene waŵatakasa. Izi zimachitika chifukwa tizidutswa ta inki ndi ta madzi sitikhala chete. Timayendayenda nthaŵi zonse. Poyendayendapo, tizidutswato timachoka pamene tachuluka ndi kufalikira kumene tachepa, mpaka titafanana ponseponse.

Kupuma kwa munthu kumadalira njira imeneyi. Munthu akakoka mpweya, m'mapapu mwake mumachuluka mpweya wabwino wotchedwa okosijeni, pamene m'magazi ofika m'mapapumo okosijeni amakhala wochepa. Choncho okosijeni amadutsa nembanemba za m'mapapu ndi kuloŵa m'magazi. Mpweya woipa, umene wachuluka m'magazi, umadutsa nembanemba zomwezo kupita m'mapapu, ndipo munthu amautulutsa. Nsomba nayo imapeza okosijeni wa m'madzi mwa njira yomweyi.

Njira yachiŵiri ndi ya madzi okha, ndipo akatswiri a sayansi amaitcha osimosisi. Pamene mbali imodzi ya nembanemba kuli mchere wambiri, mbali inayo kuli wochepa, mcherewo sungathe kudutsa msanga kuti mbali ziŵirizo zifanane. Amene amadutsa ndi madzi. Madzi amachoka ku mbali ya mchere wochepa ndi kupita ku mbali ya mchere wambiri. Amachita chimodzimodzinso ndi shuga ndi zina zosungunuka m'madzi. Mwachidule, madzi amatsata mchere.

M'chaka cha 1748, katswiri wina wa ku France, dzina lake Jean-Antoine Nollet, anaona zimenezi ndi maso ake. Iye anadzaza kabotolo ndi moŵa waukali wonga kachasu, namanga pakamwa pake ndi chidutswa cha chikhodzodzo cha nkhumba. Kenaka anamiza kabotoloko m'madzi. Patapita maola angapo anapeza chikhodzodzo chija chitatukumuka, chifukwa madzi anali atadutsa ndi kuloŵa m'kabotolo, koma moŵa sunathe kutuluka mofanana.

Tsopano funso la madzi a m'mbale layankhidwa. Mchere wothira pa kabichi umasungunuka m'chinyezi chimene chili pamwamba pa masamba odulidwawo. Kunja kwa maselo kumakhala mchere wambiri kuposa m'kati, choncho madzi amatuluka m'maselo kutsata mcherewo, ndipo kabichi amafota. Mwana wa sukulu angathe kuyesa yekha zimenezi ndi mbatata ya kachewere. Adule zidutswa ziŵiri zofanana, china achiike m'madzi abwino, china m'madzi a mchere wambiri. Pakapita ola limodzi, cha m'madzi abwino chimakhala cholimba chifukwa maselo ake adzaza madzi, pamene cha m'madzi a mchere chimakhala chofeŵa ndi chopindika mosavuta.

Mbewu za m'munda zimamwa madzi mwa njira yomweyi. Ku nsonga za mizu kuli timizu tating'ono tonga tsitsi. M'maselo a timizuti muli shuga ndi mchere wambiri kuposa m'madzi a m'nthaka. Choncho madzi a m'nthaka amaloŵa m'mizu, ndipo kuchokera kumeneko amakwera m'tsinde mpaka ku masamba. Maselo akadzaza madzi, mbewu imaima chilili ndipo masamba ake amatambasuka. Madzi akasoŵa, mbewu imafota.

Apa mlimi ayenera kuchenjera. Feteleza ndi mtundu wa mchere. Mlimi akathira feteleza wambiri pa tsinde penipeni pa chimanga chaching'ono, makamaka nthaka ili youma, kunja kwa mizu kumakhala mchere wochuluka kuposa m'kati. Pamenepo madzi amasiya kuloŵa, m'malo mwake amatuluka m'mizu. Chimanga chija chimafota ndi kuuma, ndipo anthu amati chapsa ndi feteleza. Mlimi wotere wataya ndalama zake ndi mbewu yomwe. Nchifukwa chake alangizi a zaulimi amalangiza kuti feteleza athiridwe pa muyezo wake, m'kadzenje kokumba pataliko ndi tsinde, ndiponso pamene nthaka ili ndi chinyezi.

Msodzi naye amapindula ndi osimosisi. Nsomba imaola chifukwa cha tizirombo tosaoneka ndi maso, ndipo tiziromboti timafuna madzi kuti tiswane. Nsomba ikatumbulidwa ndi kupakidwa mchere wambiri, mcherewo umakoka madzi a m'nsombayo ndi a m'tizirombo tomwe. Tiziromboto timalephera kuswana, ndipo nsomba imakhala nthaŵi yaitali yosaola. Umo ndi m'mene bakayawo amakonzedwera.

Madzi a m'Nyanja ya Malaŵi alibe mchere wambiri, koma a m'nyanja zazikulu, monga Indian Ocean, ndi osiyana. Lita imodzi ya madzi amenewo ili ndi mchere wokwana magalamu pafupifupi 35, pamene lita imodzi ya magazi a munthu ili ndi magalamu pafupifupi 9 okha. Munthu womwa madzi otere ludzu lake silitha, koma limakulirakulira, chifukwa mcherewo umakoka madzi a m'maselo ake.

Phindu lalikulu koposa la nzeru imeneyi limaoneka pa matenda otsegula m'mimba. Mwana wotsegula m'mimba amataya madzi ndi mchere wa m'thupi mwake. Maso ake amaloŵa m'kati, m'kamwa mumauma, ndipo akapanda kuthandizidwa msanga akhoza kumwalira. Madokotala anapeza kuti matumbo amayamwa mchere mosavuta ngati pali shuga pang'ono. Mchere ndi shuga zikaloŵa m'thupi, madzi amazitsata ndi kubwerera m'magazi.

M'chaka cha 1971, anthu ambiri anathaŵira ku India chifukwa cha nkhondo ya m'dziko limene tsopano limatchedwa Bangladesh. M'misasa yawo munabuka kolera, ndipo madzi a diripi anali osakwanira. Dokotala wina wa ku India, Dilip Mahalanabis, anayamba kumwetsa odwala madzi osakaniza ndi mchere ndi shuga pa muyezo woyenera. Poyamba, mwa odwala 100 alionse pankamwalira pafupifupi 30, koma mwa amene anathandizidwa ndi madziwo, omwalira sanakwane 4 pa 100. Mankhwala a Thanzi, amene amapezeka m'zipatala ndi m'masitolo m'Malaŵi, ndi a mtundu womwewo.

Paketi imodzi ya Thanzi iyenera kusungunulidwa m'lita imodzi ya madzi aukhondo. Muyezo umenewu suyenera kusinthidwa. Munthu akachepetsa madzi, kapena akaonjezera mchere ndi shuga poganiza kuti mankhwalawo akhala amphamvu, m'matumbo mumachuluka mchere kuposa m'magazi. Pamenepo madzi amatuluka m'thupi kutsata mcherewo, ndipo matenda amakula. Wodwala amwe madziwo pang'onopang'ono koma kaŵirikaŵiri, khanda lipitirize kuyamwa, ndipo wodwalayo atengeredwe ku chipatala msanga.

Choncho mchere womwewo umene umasunga nsomba ungathe kupha mbewu, ndipo umene umapulumutsa mwana wodwala ungathenso kumuonjezera matenda. Chimene chimasiyanitsa ndi muyezo. Munthu wodziŵa kuti madzi amatsata mchere amayamba wayeza asanathire.

Mafunso

1. Kodi selo ndi chiyani, ndipo ndani analipatsa dzina limeneli?
2. Kodi nembanemba ya selo ikufanana bwanji ndi sefa?
3. Fotokozani m'mene okosijeni amaloŵera m'magazi.
4. Kodi Jean-Antoine Nollet anaona chiyani m'chaka cha 1748?
5. Nchifukwa chiyani chimanga chimapsa ndi feteleza?
6. Nchifukwa chiyani muyezo wa madzi a Thanzi suyenera kusinthidwa?

Ntchito

1. Pangani ziganizo ndi mawu aŵa: kufota, kusungunuka, kutukumuka, chinyezi, muyezo.
2. Yesani ntchito ya mbatata ya kachewere ija, ndipo mulembe m'makope mwanu zimene mwaona.