Maso a Mwana Asamadikire Sukulu Kuti Apimidwe

GABORONE — M'chaka cha 2016, ana a sukulu oposa 12,000 a m'dera la Goodhope, kum'mwera kwa Gaborone, anapimidwa maso ndi foni ya m'manja yokhala ndi pulogalamu ya bungwe la Peek Vision. Mwana ankayang'ana chilembo cha E pa foniyo n'kuloza kumene chayang'ana, ndipo wolephera ankatumizidwa kwa akatswiri a maso. Ntchitoyi ndiyo inabala Pono Yame, mawu a Chitswana otanthauza "kuona kwanga", ndondomeko ya boma la Botswana yofuna kupima mwana wa sukulu aliyense.

Ndondomeko yotereyi imapeza ana ambiri ofunika magalasi amene ankaoneka ngati ofooka m'kalasi, chonsecho sankaona zolembedwa pa bolodi. Komabe matenda ena a maso amakhala atawononga kale mwana asanayambe sukulu.

Chifukwa chake n'chakuti kuona kumachita kuphunziridwa. Diso limatumiza chithunzi ku ubongo, ndipo ubongo umazolowera kuchimasulira kuyambira pa kubadwa mpaka zaka 7 kapena 8. Diso limodzi likamatumiza chithunzi chosaoneka bwino, ubongo umalinyalanyaza n'kudalira linalo. Msinkhu umenewu ukapitirira, disolo limavuta kulibwezeretsa ngakhale ndi magalasi. Mwana sadandaula, poti sadziwa kuti anzake amaona mosiyana naye.

Kupima koyamba kuyenera kuchitika mwana akangobadwa. Mu 2022, bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linalangiza kuti khanda lililonse liunikidwe maso lisanatuluke m'chipatala, kapena pasanathe masabata 6. Namwino amawalitsa kuwala m'diso. Diso labwino limabweza kuwala kofiira, pamene kuyera pakati pa diso kungasonyeze ng'ala yobadwa nayo kapena khansa yotchedwa retinoblastoma. Ng'ala yotere imafunika opaleshoni m'miyezi yoyambirira ya moyo. Khansayo imagwira makamaka ana osafika zaka 5. M'mayiko olemera, kumene imadziwika msanga, ana oposa 9 mwa 10 alionse amachira, koma kumene imapezeka mochedwa ambiri amamwalira.

Mwana wobadwa masiku asanakwane, makamaka amene anapatsidwa mpweya wothandizira kupuma, amafunika kuonedwa ndi dokotala wa maso, kawirikawiri atatha masabata 4, chifukwa mitsempha ya magazi ya m'kati mwa diso ingakule molakwika.

Nthawi ina yofunika ndi pakati pa zaka 3 ndi 5, pamene mwana angathe kutchula zithunzi kapena kuloza. Diso lililonse limapimidwa palokha, linalo litatsekedwa. Diso lofooka likapezeka pa msinkhu umenewu, magalasi ndi kuphimba diso lamphamvu kwa maola angapo patsiku zimakakamiza ubongo kugwiritsa ntchito lofookalo.

Pali zizindikiro zosafunika kudikira tsiku la sikelo: kuyera pakati pa diso, ngakhale kutaoneka pa chithunzi chokha, mafinya m'maso mwa khanda, diso loyang'ana kumbali mwana atapitirira miyezi 6, misozi yosatha ndi kuopa kuwala, komanso khanda la miyezi 3 losatsatira nkhope ya mayi ake. Kuthira m'maso madzi a zitsamba kapena mkaka wa m'mawere kumachedwetsa chithandizo, ndipo kungawononge diso.

Njira yopezera chithandizo imayambira pa chipatala chaching'ono chapafupi, chimene chimatumiza mwana ku zipatala zazikulu monga Princess Marina ku Gaborone, Queen Elizabeth Central ku Blantyre, kapena University Teaching Hospital ku Lusaka. Kusikelo ana amalandira kale katemera wa chikuku ndi vitamini A, zimene zachepetsa khungu pakati pa ana mu Africa. Kholo likapita kukakweza mwana sikelo, lili ndi ufulu wopempha namwino kuti ayang'anenso maso.