Tizilombo ta M'nthaka Tochinjiriza Mbeu

Alimi a nshawa ndi thonje aidziwa nthenda ija imene iwoletsa mbeu zisanamere, kapena kufotetsa mmera poudya pa tsinde. Cocititsa cace ndi cuku wa m'nthaka, monga Rhizoctonia ndi Fusarium.

Koma m'nthaka momwemo muli adani a cuku, tizilombo tosaoneka ndi maso tochedwa mabakiteriya. Kamodzi ka ito ndi Bacillus subtilis. Kakapakidwa pa mbeu, kaswana pa mizu pamene ikukula, nikadya timadzi totuluka m'mizumo. Cuku pofika apeza malo ndi cakudya zitatha kale. Ndiponso kacilomboka katulutsa mankhwala oboola khungu la cuku. Kukauma kadzitsekera m'cikamba colimba kufikira cinyontho cibwere, ndico cifukwa cace kasungika monga ufa. Ku America ufa wotere unapakidwa kwambiri pa mbeu za thonje m'zaka za m'ma 1990.

Mlimi asanyengedwe. Nchito ya tizilomboti ndi kuchinjiriza, si kuciza ai. Mmera wofota kale sudzuka, ndipo m'munda wobzalidwa nshawa caka ndi caka cuku aculuka, natipambana mphamvu.