Nyimbo Zikusamukira m'Kompyuta

Aliyense amene anasungapo makaseti kapena ma CD akuchidziŵa chisoni chimene chimamgwira munthu wailesi ikatafuna tepi, kapena mbale ikakandika ndi kuyamba kudumpha pakati pa nyimbo. Nchifukwa chake okonda nyimbo ambiri akusamutsira chuma chawo m'kompyuta imodzi, imene ntchito yake ndi kusunga nyimbo ndi kuzitumiza ku zokuzira mawu za m'nyumba. Makina otere amatchedwa seva ya nyimbo. Koma kodi pa msamuko umenewu kukoma kwa nyimbo sikutayika panjira?

Yankho lagona pa kasungidwe. CD, imene makampani a Philips ndi Sony anaitulutsa m'chaka cha 1982, sisunga mawu m'timizere monga mbale ya galamafoni, koma m'manambala. Pa sekondi iliyonse mawu amayezedwa ka 44,100. Manambala ameneŵa akakopedwa onse osatsalako ndi imodzi yomwe, nyimbo ya m'kompyuta imafanana ndendende ndi ya pa CD.

Apa mpamene ambiri amaphonya. Njira yotchuka ya MP3 imachepetsa nyimbo potaya mawu ena amene khutu silimawamva msanga. Pa mlingo wa 128 kbps, nyimbo imatsala pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 11 a kukula kwake. Pa lamya yam'manja kupereŵera kumeneku kumabisika, koma pa zokuzira mawu zabwino khutu lozoloŵera likhoza kuzindikira kuti ulusi wa gitala wauma. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Njira ya FLAC, imene Josh Coalson anaiyambitsa m'chaka cha 2001, imapanikiza nyimbo kufika pafupifupi theka popanda kutayapo kanthu. Motero chosungira cha 1 TB chikhoza kunyamula ma CD oposa 2,000.

Chachiŵiri, zokuzira mawu sizimva manambala. Pafunika kachipangizo kotchedwa DAC, kamene kamasandutsa manambalawo kukhala mphamvu ya magetsi yogwedeza sipika. Makompyuta ambiri ali nako kale m'kati, koma kaŵirikaŵiri kamakhala kotchipa ndipo kamatola phokoso la ziŵalo zina. Wofuna mawu oyera amagula DAC yapadera ndi kuilumikiza pa USB. Kompyuta yeniyeniyo siyenera kukhala yodula: laputopu yakale, ngakhale kakompyuta ka Raspberry Pi kamene kanatuluka ku Britain m'chaka cha 2012, kaikwanitsa ntchitoyi.

Chachitatu ndicho chachikulu koposa. Kaseti ikaduka, mwini wake wataya nyimbo khumi. Koma chosungira cha kompyuta chikafa, monga zimachitika magetsi akabwera mwamphamvu atazima, nyimbo za zaka makumi aŵiri zimapita usiku umodzi. Madzi akatayika saoleka. Choncho nyimbo zonse zikhale ndi kope lachiŵiri pa chosungira china, chimene chizikhala chozula ku magetsi, ndipo mbale zakale zisatayidwe.

Kwa inu aphunzitsi ndi achinyamata amene mwatsiriza sukulu, nkhaniyi si ya anthu olemera okha. M'mabokosi a makolo athu muli makaseti a magulu oyimba ndi makwaya amene nyimbo zawo nzosoŵa lero, ndipo tepi imaguga chaka ndi chaka. Amene adzawajambulire m'kompyuta mosamala, mwa njira yosataya mawu, adzapulumutsa mawu amene adzukulu sakadawamvanso.