125, 250 kapena 450: zomwe kukula kwa injini kumachita pa njinga za motocross

Njinga zambiri za kabaza zomwe zadzaza m'misewu ya ku Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu zili ndi injini za pakati pa 100cc ndi 150cc. Njinga yaing'ono yomwe achinyamata ndi akuluakulu amapikisanira pa masewero a motocross nayonso ndi ya 125cc. Pa nambala palibe kusiyana kwenikweni. Koma ya kabaza imatulutsa mphamvu zosapitirira 12 horsepower, pamene Yamaha YZ125 imatulutsa zoposa 30. Apa pokha pakuoneka kuti nambala yolembedwa pambali pa njinga siuza munthu zonse.

Motocross ndi mpikisano wa njinga zamoto pa bwalo ladothi lokhotakhota, lokhala ndi zitunda zolumpha, matope, mchenga ndi ngalande zokumbika ndi matayala. Masewerowa adayambira ku England, komwe mpikisano woyamba udachitikira ku Camberley m'chaka cha 1924. Lero bungwe la FIM limayendetsa mpikisano wa dziko lonse m'magulu awiri akuluakulu: MX2, la njinga za 250cc ndi okwera osapitirira zaka 23, ndi MXGP, momwe njinga zimafika 450cc. Ku America nakonso magulu akuluakulu ndi a 250 ndi 450. Funso lomwe aliyense wolowa m'masewerowa amakumana nalo ndi lakuti: ndikwere iti? Ambiri amathamangira yaikulu. Sayansi ya injini ndi ya thupi la munthu imanena zina.

Kodi cc ndi chiyani?

Mkati mwa injini muli silinda, ndipo m'silindamo mumayenda pisitoni chokwera ndi chotsika. Nambala ya cc imayeza kukula kwa malo omwe pisitoniyo imadutsa kuchoka pansi kufika pamwamba. Ma cc 1,000 ndi lita imodzi, kotero injini ya 250cc imakoka mpweya ndi petulo zokwana gawo limodzi mwa magawo anayi a lita. Pa Yamaha YZ250F, silinda ndi yotambalala mamilimita 77 ndipo pisitoni imayenda mamilimita 53.6. Pa YZ450F, silinda ndi ya mamilimita 97.

Malo akachuluka, mafuta oyaka nthawi imodzi amachulukanso, ndipo pisitoni imakankhidwa mwamphamvu. Kukankha kumeneku ndi komwe amakaniko amati torque, mphamvu yopotokola tayala. Koma horsepower imadalira zinthu ziwiri: kukankhako, ndi kuchuluka kwa maulendo omwe injini ikuzungulira pa mphindi. Injini yaing'ono ingathe kutulutsa mphamvu zambiri ngati ikuzungulira mothamanga. Ya 250cc ya motocross imafika maulendo oposa 13,000 pa mphindi, kutanthauza maulendo oposa 200 pa sekondi imodzi. Ya 450cc imalekezera cha m'ma 11,000 chifukwa pisitoni yake ndi yaikulu komanso yolemera.

Mtengo wa liwiro limeneli ndi kutha msanga kwa zipangizo. Injini ya kabaza idapangidwa kuti iyende makilomita masauzande ambiri isanatsekulidwe. Ya motocross amaiwerengera maola, ndipo wopikisana amasintha pisitoni pakangotha maola makumi ochepa.

Mitundu iwiri ya injini

Nambala ya cc imasokonezanso chifukwa injini zili mitundu iwiri. Ya four-stroke imagwira ntchito m'magawo anayi: imakoka mpweya ndi petulo, imazipanikiza, imaziyatsa, kenaka imatulutsa utsi. Moto umayaka kamodzi crankshaft, chitsulo chomwe pisitoni imazungulitsa, ikazungulira kawiri. Ya two-stroke imachita zonsezi pa ulendo umodzi, kotero moto umayaka nthawi iliyonse pisitoni ikafika pamwamba. Ilibe mavalavu ambiri ndi zowayendetsa, ndiye n'chifukwa chake imapepuka. Oyilo wake amasakanizidwa ndi petulo n'kuyakira limodzi, ndipo ndiko kumachokera kautsi kobiriwira ndi fungo lake lodziwika lija.

Chifukwa choyaka kawirikawiri, two-stroke imaposa four-stroke yofanana nayo kukula. Two-stroke ya 250cc imatulutsa pakati pa 45 ndi 50 horsepower, four-stroke ya 250cc imatulutsa zongopitirira 40, pamene four-stroke ya 450cc imafika pakati pa 55 ndi 60.

Kwa zaka zambiri two-stroke ndiyo inkalamulira. Zinthu zidatembenuka malamulo atalola four-stroke yokulirapo kupikisana ndi two-stroke ya 250cc. M'chaka cha 1997 Doug Henry adapambana mpikisano wa Supercross, motocross yochitikira m'sitediyamu, ku Las Vegas pa four-stroke ya Yamaha ya 400cc, ndipo mu 1998 adatenga chikho cha dziko la America pa njinga yamtundu womwewo. Makampani ena adatsatira. Honda idatulutsa CRF450R mu 2002, ndipo itadutsa 2007 idaleka kupanga njinga zake za two-stroke za CR125 ndi CR250. Yamaha, KTM, Husqvarna ndi GasGas akupangabe two-stroke mpaka pano, chifukwa ikadali ndi anthu ake.

Chomwe chidapambanitsa four-stroke si kuchuluka kwa mphamvu kokha ayi, koma momwe mphamvuyo imafikira ku tayala. Two-stroke imadalira ekizozi yake yotupa pakati, yomwe imabweza mafunde a mpweya kukakankhira mafuta m'silinda. Mafundewo amagwirizana ndi injini pa liwiro lina lokha. Pansi pa liwirolo njinga imakhala yofooka, ikangolifika mphamvu imabwera yonse mwadzidzidzi. Four-stroke imakoka mofanana kuyambira pansi mpaka pamwamba, ndipo tayala lakumbuyo limaluma dothi m'malo mongozungulira pamodzimodzi.

Chifukwa chomwe 450 imamveka yolemera

Mukaziika pa sikelo, kusiyana n'kochepa modabwitsa. YZ125 yodzaza mafuta imalemera pafupifupi makilogalamu 95, YZ250F pafupifupi 105, ndipo YZ450F imaposa apo ndi makilogalamu anayi kapena asanu okha. Komabe aliyense amene wakwera 250 ndi 450 amati 450 imavuta kuigoneka pokhota. Yankho lili pa zitsulo zomwe zikuzungulira mkati mwa injini.

Tengani wilo ya njinga yakapalasa, muigwire mbali zonse ziwiri za chitsulo chapakati, mnzanu aizungulitse mwamphamvu, ndiye muyese kuipendeketsa. Imakana, ndipo imafuna kukupotozani manja. Chinthu cholemera chikamazungulira chimalimbana ndi aliyense wofuna kusintha momwe chaimira. Crankshaft ya 450 ndi yolemera kuposa ya 250, kotero njinga yonse imaumirira kuima chilili ndi kupita kutsogolo pamene wokwera akufuna ikhote.

Palinso zomwe zimachitika wokwera akatseka moto. Four-stroke imadzigwira yokha ngati yapondedwa buleki, ndipo kulemera kumathamangira ku tayala lakutsogolo. Pa 450 kudzigwiraku n'kwakukulu. Two-stroke imangopitirira mopepuka, ndiye wokwera amadalira mabuleki ndi luso lake posankha pomwe ayambire kuchepetsa liwiro.

Kona imodzi, makweredwe awiri

Taonani wokwera 125 akuyandikira pokhota. Amachedwa kugwira mabuleki, amatsitsa magiya awiri, amakhala kutsogolo kwenikweni kwa mpando, mwendo wamkati atautambasulira ku tayala lakutsogolo. Chala chimodzi chili pa klachi. Pakati pa kona injini ikafuna kufooka, amaikoka pang'ono klachiyo kuti injini ilire n'kubwerera pomwe pali mphamvu. Akalakwitsa giya kapena kutaya liwiro pang'ono chabe, chitunda chomwe chili kutsogolo sachilumpha. Njingayi imamukakamiza kusankha mzere wabwino, kusunga liwiro ndi kusintha magiya pa nthawi yake. N'chifukwa chake aphunzitsi ambiri amafuna wachinyamata adutse kaye pa 125.

Wokwera 450 pa kona yomweyo angathe kukhala m'giya yachitatu osasintha. Atha kulowa pang'onopang'ono, kutembenuza njinga, n'kupotokola moto, ndipo injini imamukoka mpaka kulumpha chitunda chija. Ntchito yake yaikulu ndi kudziletsa. Dzanja lamanja likapitirira muyeso pang'ono, tayala lakutsogolo limanyamuka kapena lakumbuyo limaterereka. Njinga yotereyi imabisa zolakwa zing'onozing'ono za wokwera, koma cholakwa chachikulu imachilanga koopsa.

Four-stroke ya 250 ili pakati. Imafuna kuizungulitsa kwambiri ngati 125, koma imakhululuka ngati walakwitsa giya. Mtundu wa dothi nawo umalowapo. Mumchenga wakuya, ngati wa bwalo la Lommel ku Belgium, matayala amamira ndipo mchenga umadya mphamvu, kotero injini yaikulu imapindula. Pa bwalo louma, lolimba ndi lamakona ambiri, mphamvu zochuluka zimangothera m'kuterereka.

Umboni wakuti yaikulu siipambana nthawi zonse udachokera pamwamba penipeni pa masewerowa. Antonio Cairoli wa ku Italy adatenga chikho cha dziko lonse kasanu motsatizana, kuyambira 2010 mpaka 2014, atakwera KTM ya 350cc pakati pa anzake okwera ma 450. Adasiya ma cc 100 kuti apeze njinga yomvera pokhota komanso yosatopetsa.

Thupi ndilo limalipira

Mpikisano umodzi wa MXGP umatenga mphindi 30, n'kuwonjezerapo kuzungulira bwalo kawiri. Nthawi yochuluka wokwera amakhala chiimire, mawondo opinda, akulandira kugunda kwa njinga ikamatera. Mtima umagunda pafupi ndi malire ake kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Injini ikakula, nthawi iliyonse yomwe moto watsekulidwa njinga imafuna kuchoka m'manja, ndipo wokwera amagwiritsa zolimba.

Apa ndi pomwe pamayambira vuto lomwe okwera amalitcha arm pump. Minofu ya pakati pa chigongono ndi dzanja idakutidwa ndi kachikopa kolimba kosatamuka. Ikamagwira ntchito mosapuma, magazi amalowa ambiri ndipo imatupa, koma malo otupira palibe. Mitsempha yotulutsa magazi imafinyika, mkono umauma gwaa, zala zimachita dzanzi. Munthu amalephera kukoka buleki yakutsogolo kapena klachi, mwinanso osamva kuti moto waupotokola motani. Madokotala amalitcha vutoli chronic exertional compartment syndrome, ndipo okwera ena amachitidwa opaleshoni yong'amba kachikopako kuti minofu ipeze malo. Chitetezo choyamba ndi kupana njinga ndi mawondo kuti manja apumeko, kupuma bwino, ndi kukwera njinga yomwe mphamvu zake n'zolingana ndi thupi.

Kutopa ndi liwiro zikakumana, ngozi imakula msanga. Liwiro likawirikiza kawiri, mphamvu yomwe thupi limalandira pogwa imawirikiza kanayi. Zovulala zofala m'masewerowa ndi kuthyoka kwa fupa la m'munsi mwa khosi lopita kuphewa, kuthyoka kwa mkono polumikizira dzanja, kuduka kwa mitsempha ya m'bondo ndi kugwedezeka kwa ubongo. Helimeti yotseka chibwano, magalasi, nsapato zazitali zolimba, zotchinga pachifuwa ndi m'mawondo n'zofunika pa njinga ya kukula kulikonse. Amene wamenyetsa mutu n'kumva chizungulire, kusanza kapena kuiwala zomwe zachitika asakwerenso tsiku limenelo, apite kuchipatala.

Makwerero alipo pa chifukwa

Masewerowa adaika njinga m'makwerero. Ana aang'ono amayamba ndi 50cc, monga Yamaha PW50 yomwe ilibe klachi yokoka ndi dzanja kapena magiya osintha. Kenaka amapita pa 65cc, pomwe amaphunzira klachi ndi magiya, kenaka 85cc, kenaka 125cc, asanafike pa 250 ndi 450. Sitepe iliyonse imawonjezera mphamvu, kutalika kwa mpando ndi kulemera pamlingo womwe mafupa, minofu ndi nzeru za wokwera zingakwanitse.

Akatswiri a kummwera kwa Africa kuno adadutsa njira yomweyi. Greg Albertyn wa ku South Africa adayamba wapambana chikho cha dziko lonse cha 125cc mu 1992, kenaka n'kutenga cha 250cc mu 1993 ndi 1994. Grant Langston adapambana cha 125cc mu 2000, ndipo Tyla Rattray adatenga cha MX2 mu 2008. Onsewa adadziwika padziko lonse ali pa njinga za gulu laling'ono.

Kholo lomwe likugulira mwana njinga yaikulu poganiza kuti adzakuliramo likumuika pangozi, ndipo likumulanda mwayi wophunzira. Mwana woopa njinga yake saphunzira kukhota, amangophunzira kugwiritsa. Wamkulu amene akungoyamba kumene nayenso alibe chifukwa choyambira pa 450, ngakhale akhale wathupi. Akuluakulu adati kuthamanga si kufika, ndipo pa bwalo la motocross zimenezi zimaoneka pa wotchi: wokwera wamba nthawi zambiri amazungulira mofulumira pa 250 yomwe akuilamulira kusiyana ndi pa 450 yomwe ikumulamulira.

Posankha, munthu adzifunse mafunso oona. Kodi phazi likufika pansi atakhala pampando? Njinga ikagwa angaidzutse yekha? Angathe kutsekula moto wonse potuluka pa kona popanda mantha? Pakatha mphindi 20, zala zikumvabe buleki? Ngati yankho lili ayi pa limodzi mwa mafunsowa, njingayo yamukulira, ndipo chanzeru n'kutsika sitepe imodzi mpaka thupi ndi luso zitakhwima.