Ovaloko kapena coverstitch: telala ayambe kugula ati?

Telala wa ku Chitakale, ku Limbuli kapena pa boma la Mulanje akasunga kandalama koti awonjezere makina, amakapeza m'masitolo a ku Limbe makina awiri ooneka ngati amodzi. Onse amanyamula mipukutu ingapo ya ulusi pamwamba ndipo onse ndi a magetsi, koma ntchito zawo n'zosiyana. Ena ndi ovaloko, omwe ogulitsa ena amawatchula kuti serger, ena ndi a coverstitch. Makinawa amachokera kunja, ndipo katundu wakunja adakwera mtengo kwambiri ndalama ya kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Kulakwitsa posankha n'kutaya mpamba.

Ovaloko amagwira ntchito m'mphepete mwa nsalu. Ali ndi kampeni kamene kamadula nsalu yotsalira, kwinaku ulusi ukukulunga m'mphepetemo kuti musamayoyoke pochapa. Akamangidwa mipukutu itatu amangotchinga mphepete, koma akamangidwa inayi amathanso kulumikiza nsalu ziwiri nthawi imodzi. Kasitomala akatembenuza diresi kuti aone mkati, n'kupeza msoko waudongo ngati wa chovala cha m'sitolo, waona ntchito ya ovaloko.

Makina a coverstitch alibe mpeni. Ntchito yawo yaikulu ndi kupinda m'munsi mwa chovala ndi kumapeto kwa manja, makamaka pa nsalu yotamuka. Wofuna kuona msoko wake atenge tisheti iliyonse ya pakaunjika. Kunja kwa mpindiro kumaoneka mizere iwiri yoongoka, pomwe mkati muli ulusi wolukanalukana. Msokowu umatamuka limodzi ndi nsalu, choncho suduka munthu akamavala kapena kuvula.

Tsono chosankhira ndi mtundu wa ntchito imene imabwera pakhonde. Kwa atelala ambiri ku Mulanje, ndalama imachokera ku madiresi a zitenje, yunifolomu za ana sukulu zikamatsegulira mu Seputembala, zovala za amayi a Mvano ndi magulu ena a mpingo, komanso yunifolomu za paukwati. Nsalu zonsezi sizitamuka, ndipo mpindiro wake umatheka bwinobwino pa Singer kapena Butterfly wopalasa ndi miyendo. Chimene makina akalewa sangachite ndi kutchinga mphepete mwachangu. Apa ovaloko ndiye woyamba kugula. Amabweretsanso ndalama yapadera, chifukwa atelala anzake amene alibe makinawa atha kumalipira pa chovala chilichonse kuti awatchingire.

Coverstitch amapindulira amene ntchito yake yambiri ndi ya nsalu yotamuka: kufupikitsa matisheti a pakaunjika, kusoka majezi a matimu a mpira kapena zovala za masewero za ana asukulu. Ngakhale zili choncho, makinawa sayima paokha. Tisheti imalumikizidwa m'mbali ndi m'mapewa ndi ovaloko, coverstitch n'kudzangomalizitsa mpindiro. Wogula coverstitch asanakhale ndi ovaloko amapezeka kuti makina odula angokhala, akudikira ntchito ya apo ndi apo. Amene amalandira matisheti ochepa atha kuyamba ndi singano yapawiri pa makina a magetsi osoka zigizagi. Mizere iwiri imaonekabe kunja, ngakhale msoko wake sutamuka kwambiri.

Aliponso makina ochita ntchito zonse ziwiri, koma kuwasintha kuchoka ku ntchito ina kupita ku inzake kumafuna kumasula ulusi ndi kuchotsa mpeni pamalo pake. Tsiku lamsika, makasitomala atakhala pabenchi, nthawi imeneyo ndi ndalama.

Mtengo wa m'sitolo si ndalama yonse. Ovaloko amadya ulusi wambiri, ndipo mtundu uliwonse umafuna mipukutu itatu kapena inayi, n'chifukwa chake ndi bwino kuyamba ndi woyera ndi wakuda basi. Mpeni umabuntha, ndipo ukaluma phini woiwalika munsalu umawonongeka pomwepo. Telala afunse ngati mipeni ndi singano za makinawo zimapezeka ku Limbe kapena ku Blantyre, komanso ngati pali mmisiri wapafupi wowadziwa. Magetsi akathima makinawa amaima, choncho kugulitsa makina opalasa kuti ndalama ikwane n'kudzitchera ndale.

Pogula makina ogwiritsidwapo kale ntchito, telala atenge tizidutswa take ta chitenje, ta yunifolomu ndi ta tisheti, asokepo yekha. Ngati mpeni ukutafuna nsalu m'malo modula, kapena ulusi ukudumphadumpha, awasiye ngakhale mtengo utatsika.

Asanakwere minibasi ya ku Limbe, atsegule buku la maoda n'kuwerenga zovala za miyezi itatu yapitayi. Zosatamuka zikachuluka, agule ovaloko. Coverstitch adikire mpaka matisheti ndi majezi atayamba kudzaza bukulo.