Eni Madziwe: Kuchokera ku Msinja Kufikira ku Jamaica

Mvula ikalimbika kuno ku Nsaru, mitsinje ya Bua ndi Namitete nidzaza, agogo amachenjeza adzukulu kuti dziwe lakuya lili ndi mwini wake. Ana a sukulu amaseka. Koma ife tikuti asanaseke ayambe amva kutalika kwa ulendo umene nkhani zotere zayenda, ndiponso chimene makolo ankatchinjiriza pozikamba.

Tiyambire pafupi. Ku Msinja, m'munsi mwa phiri la Dzalanyama m'boma lathu lomwe lino la Lilongwe, kunali kachisi wamkulu wa Achewa, ndipo womsunga anali Makewana, kutanthauza mayi wa ana. Anthu ankakhulupirira kuti iye ndi mkazi wa Thunga, njoka yoyimira Chisumphi. Chilala chikavuta, ankati Makewana amalowa m'dziwe lopatulika lotchedwa Malawi kukaitana mvula. Tsitsi lake silinkametedwa, poopa kuti angamete mvula imene.

Kum'mwera amakamba za Napolo, chinjoka chokhala pansi pa mapiri, chimene chikamasamukira kunyanja chimakokolola midzi. Anamtchula pamene madzi anawononga Zomba mu December 1946, anamtchulanso ku Phalombe mu March 1991, pamene anthu mazanamazana anafa. Atonga a m'chigwa cha Zambezi ali ndi Nyaminyami wa mutu wa nsomba ndi thupi la njoka. Pamene damu la Kariba linali kumangidwa, madzi osefukira a mu 1957 ndi 1958 anawononga ntchitoyo, ndipo Atonga, amene pafupifupi 57,000 a iwo anasamutsidwa, anati mwini mtsinje wakwiya.

Kumadzulo kwa Afrika kuli Mami Wata, mkazi wokongola wa tsitsi lalitali, amene nthawi zina amamjambula ndi mchira wa nsomba, nthawi zina atakoleka njoka m'khosi. Amati amapatsa chuma, koma mtengo wake ndi wowawa. Chodabwitsa nchakuti chithunzi chake chodziwika koposa chinasindikizidwa ku Hamburg, ku Germany, cha m'ma 1880, ndipo chinali cha mkazi wosewera ndi njoka pa zionetsero. Chitafika ku Afrika anthu anati ndiye Mami Wata amene.

Akapolo oposa 12 miliyoni amene anakwezedwa m'zombo kuoloka nyanja ya Atlantic analandidwa zonse, koma nthano zao anapita nazo m'mitima. Kumeneko zinasakanikirana ndi nthano za Azungu ndi za eni dziko. Ku Haiti kuli Lasirèn wonyamula kalilole ndi chipeso. Ku Trinidad kuli Mama Dlo, mkazi kumtunda, njoka kumunsi, amene amalanga oipitsa mitsinje ndi opha nyama mwachisawawa. Ku Jamaica kuli River Mumma, amene amati amakhala pa mwala napesa tsitsi ndi chipeso cha golide. Nsomba ndizo ana ake, ndipo akagwidwa mtsinje udzaphwa.

Nanga zoona zake nzotani? Mu January 1493 Christopher Columbus analemba kuti waona akazi a m'madzi atatu pafupi ndi chisumbu cha Hispaniola, nadandaula kuti sanali okongola monga amawajambulira. Lero tidziwa kuti anaona nyama za m'nyanja zotchedwa manatee. Za Napolo nazonso zadziwika: mvula yambiri ikalowa m'nthaka ya paphiri, dothi limalemera ndi kuterereka pamodzi ndi miyala ndi mitengo. Ndizo zinachitika pa phiri la Soche ku Blantyre mu March 2023, pa namondwe wa Freddy. Phiri likametedwa mitengo, ngozi imakula.

Ife Akhristu sitipembedza cholengedwa, ndipo sitithira nsembe pa dziwe, pakuti madzi ndi zonse za m'menemo nza Mlengi. Achinyamata achenjere ndi aliyense wowalonjeza chuma chochokera pansi pa madzi, chifukwa wolemera pamenepo ndi wolonjezayo. Komabe tisataye nkhwangwa ndi mpini womwe. Poopa mwini dziwe, mwana sankasambira yekha pakuya pamene pali ng'ona. Poopa mwini dziwe, munthu sankadula mitengo ya kumagwero kapena kulima mpaka m'mphepete mwa madzi. Mantha aja anatha, koma m'malo mwake sitinaikemo kanthu. Taonani madambo athu: madimba afika m'gombe, mitengo yathera m'zigafa za fodya ndi m'makala, ndipo zitsime zikuphwa mwezi wa October usanafike.

Tsono makolo anzathu, mwana akafunsa za Napolo musamkalipire. Mkambireni nthanoyo, mumuuzenso chifukwa chimene agogo anaikambira. Mumphunzitse kusaoloka mtsinje wodzaza pochokera kusukulu, ndipo mvula ya chaka chino ikayamba, pitani naye kudambo mukabzale mikuyu ndi mikundi pamene inadulidwa. Chimene makolo anasunga chifukwa cha mantha, ife tichisunge chifukwa ndife adindo a Mwini wake weniweni.